“Limbani mtima” yekha sakwanira kwa wochira ku opaleshoni ya chotupa cha kukhutu

Munthu akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya m'mutu, mawu omwe amawamva kwambiri pakhomo ndi akuti “limbani mtima”. Amanena ndi achibale, amanena ndi anzake a kuntchito, amanenanso ndi aliyense wobwera kudzazonda matenda. Onsewa amamufunira zabwino. Koma ndi angati mwa ife tidadzifunsapo kuti kulimba mtimako kumachiza chiyani kwenikweni, nanga ndi ziti zomwe sikungachize?

Funsoli ndi lofunika chifukwa yankho lolakwika limavulaza. Tikakhulupirira kuti maganizo abwino ndiwo mankhwala onse, wodwala yemwe sakuchira msanga timamuona ngati wofooka, ndipo iye amayamba kubisa zomwe akumva m'thupi poopa kutikhumudwitsa. Tikatinso maganizo alibe ntchito, timamusiya agone pamphasa miyezi pomwe thupi lake likufunika kuyenda.

Maganizo anga ndi akuti mtima wolimba uli ndi ntchito yaikulu pochira, koma tiziufunafuna m'zomwe wodwala akuchita tsiku ndi tsiku, tisamaufune pankhope pake. Matenda oonetsa bwino mfundoyi ndi chotupa cha pamtsempha wa khutu, chomwe madokotala amachitcha acoustic neuroma kapena vestibular schwannoma. Ena mwa ochitidwa opaleshoni ya chotupachi amadzuka mbali imodzi ya nkhope itafooka, moti ngakhale atafuna kutimwetulira kuti tione kuti alimba mtima, sangathe.

Chotupa chake n'chotani?

Kuchokera mkatikati mwa khutu kupita kuubongo kuli mtsempha wonyamula mauthenga, osati magazi. Mtsemphawu uli ndi nthambi ziwiri. Ina imanyamula mawu omwe tamva, ina imauza ubongo momwe mutu wakhalira, kaya tawerama, tatembenuka kapena tapendekeka. Nthambi yachiwiriyi ndiyo imatithandiza kuyenda osadzandira. Monga waya wa magetsi amakhala wokutidwa ndi pulasitiki, mtsemphanso uli ndi chikuto chake chopangidwa ndi maselo otchedwa Schwann, potengera dzina la wasayansi wa ku Germany, Theodor Schwann. Maselo amenewa akayamba kuchulukana mopyola muyeso, pamatuluka chotupa.

Chotupachi si khansa. Sichifalikira ku ziwalo zina, sichipatsirana, ndipo chimakula pang'onopang'ono, nthawi zambiri milimita imodzi kapena awiri pachaka. Zina zimaima osakulanso. Ndi matenda osowa: pachaka amapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 000 alionse, makamaka a zaka zapakati pa 30 ndi 60. Pafupifupi onse chimawagwira khutu limodzi. Ochepa omwe chimawagwira makutu onse awiri amakhala ndi matenda a kumtundu otchedwa NF2, ndipo awa nthawi zambiri amayamba kudwala akadali achinyamata.

Chomwe chimavuta ndi malo omwe chotupachi chimamera. Chimayambira m'kanjira ka m'fupa kotalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo m'kanjira komweko mumadutsanso mtsempha woyendetsa nkhope. Chikamakula, khutu limodzi limayamba kugontha mwakachetechete, munthu n'kumangozindikira kuti foni akumaika kukhutu linalo. M'khutu lodwalalo mumalira ngati muli nyenje, ndipo kuyenda kumayamba kuvuta, makamaka mumdima. Chikakula kwambiri chimakankha tsinde la ubongo ndi kutseka njira ya madzi a muubongo, ndipo apa moyo umakhala pachiswe.

Chotupachi chimaoneka bwino ndi makina ojambulira a MRI. Chikakhala chaching'ono, madokotala amatha kungochiyang'anira pochijambula nthawi ndi nthawi, kapena kuchiwomba ndi cheza champhamvu kuti chileke kukula, monga amachitira ndi makina a Gamma Knife omwe adapangidwa ndi dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, m'zaka za m'ma 1960. Chikakhala chachikulu, njira ndi opaleshoni. Kwathu kuno makina a MRI ndi ochepa, ndipo munthu wogontha khutu limodzi sathamangira kuchipatala poti linalo likumva. Zikatere, chotupa chimapezeka chitakula kale. Kaya opaleshoni yachitikira m'dziko muno, ku India kapena ku South Africa, wodwalayo amabwerera kumudzi kapena kulokeshoni, m'manja mwa achibale ndi odzipereka a zaumoyo. Kuchira kwenikweni kumachitikira kumeneko.

Zomwe munthu amadzuka nazo

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri ochitidwa opaleshoniyi ankamwalira. Dokotala wa ku America, Harvey Cushing, yemwe adalemba buku la zotupazi mu 1917, adachepetsa imfazi kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1960 William House wa ku Los Angeles adabweretsa luso lochita opaleshoniyi poyang'ana pa maikulosikopu. Lero, m'zipatala zomwe zidazolowera ntchitoyi, omwalira safika mmodzi pa anthu 100 alionse. Nkhani yaikulu tsopano ndi ya moyo omwe munthu adzakhale nawo akatuluka m'chipatala.

Pali zinthu zitatu zomwe zimakhudzidwa. Choyamba ndi kumva. Njira imodzi yofikira chotupachi imadutsa mkati mwenimweni mwa khutu, ndipo khutulo silidzamvanso. Dokotala amanena zimenezi opaleshoni isanachitike. Njira zina zimayesa kupulumutsa kumva, koma chotupa chikakhala chachikulu, mwayi wake umakhala wochepa. Chachiwiri ndi nkhope, chifukwa mtsempha wake umakhala utaphwatalala ndi kumatirira pachotupa, ndipo pochichotsa umatha kusupuka kapena kuduka. Chachitatu ndi kuima ndi kuyenda mosadzandira. Pamwamba pa izi pamabwera kutopa kosaneneka komwe kumatha kutenga miyezi, komanso kwa ena mutu wosatherapo.

Ambiri timamudziwa Mark Ruffalo, wosewera mafilimu wa ku America yemwe amakhala Hulk. Mu 2001 adamupeza ndi chotupachi kumanzere ndipo adachitidwa opaleshoni mwana wake woyamba atangobadwa kumene. Adadzuka mbali ya kumanzere ya nkhope yake isakugwedezeka, ndipo kwa munthu wodya ndi nkhope yake, limeneli lidali tsoka lalikulu. Patatha pafupifupi chaka, nkhope idabwerera. Khutu lakumanzere silimva mpaka lero.

Taonani bwino pamenepa. Munthu ndi mmodzi yemweyo, mtima ndi umodzi womwewo, koma nkhope idachira, khutu ayi. Chikadakhala kuti kulimba mtima ndiko kumagamula, zonse ziwiri zikadachira kapena zonse ziwiri zikadakanika. Chidagamula ndi momwe mtsempha uliwonse udavulalira.

Zomwe mtima sungathe

Mtsempha wa nkhope ukavulala koma osaduka, umaphukanso wokha pa liwiro la pafupifupi milimita imodzi patsiku. Palibe kusangalala komwe kungaufulumizitse, palibenso kulira komwe kungauimitse. N'chifukwa chake madokotala amadikira miyezi 12 kapena 18 asananene kuti nkhope yafika pomwe ingafike. Poyeza amagwiritsa ntchito muyeso wa House-Brackmann, womwe udakhazikitsidwa mu 1985: gawo 1 ndi nkhope yabwinobwino, gawo 6 ndi nkhope yosagwedezeka konse. Zomwe zimasonyeza kuti munthu adzathera pagawo liti ndi kukula kwa chotupa, momwe chidamatirira kumtsempha, ndi luso la omwe adachita opaleshoni.

Nkhani yoti maganizo abwino amagonjetsa matenda idafufuzidwapo kwambiri pa odwala khansa. Mu 2007, James Coyne ndi anzake a pa University of Pennsylvania adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 1 000 odwala khansa ya kumutu ndi kukhosi. Adapeza kuti omwe adali osangalala mumtima sadakhale moyo wautali kuposa omwe adali okhumudwa. Chotupa chomwe tikukamba pano si khansa, koma phunziro lake likutikhudza: maselo samvera nkhope yosekerera.

Izi sizikutanthauza kuti nkhawa ilibe kanthu m'thupi. Mu 1995, Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake a pa Ohio State University adayerekeza amayi omwe ankasamalira achibale odwala matenda oiwalaiwala ndi amayi ena omwe adalibe mtolo umenewu. Onse adawacheka kabala kakang'ono pamkono. Mabala a amayi olemedwa ndi nkhawa aja adachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9. Komatu nkhawa yotere sichoka pouza munthu kuti asadandaule. Imachoka wina akamulipirira thiransipoti yopita kuchipatala, wina akamutungira madzi, wina akatenga ana kwa sabata. Ndipo musaiwale kuti amayi a m'kafukufukuyu adali osamalira odwala. Gadiyani nayenso ndi munthu, ayenera kulandiridwa kuti apumeko.

Pomwe mtima umagwira ntchito

Tsopano tifike pomwe khama la wodwala limasinthadi zinthu. Makutu athu awiri amatumiza kuubongo mauthenga ofanana onena momwe mutu wakhalira. Mtsempha wa mbali imodzi ukadulidwa, ubongo umalandira uthenga kuchokera mbali imodzi yokha ndipo umaganiza kuti munthu akuzungulira. Masiku oyamba chipinda chimaoneka ngati chikutembenuka, munthu amasanza, ndipo kutembenuza mutu pang'ono kokha kumamuopsa. Omwe chotupa chawo chidali chachikulu nthawi zina samva chizungulire kwambiri, poti mtsemphawo udafa kale pang'onopang'ono ndipo ubongo udayamba kale kuzolowera.

Mtsempha wodulidwawo subwerera, koma ubongo umaphunzira kudalira khutu lotsalalo, maso, ndi mauthenga ochokera kumapazi ndi m'mfundo za thupi. Chofunika kumvetsa n'chakuti ubongo umaphunzira zimenezi pokhapokha munthu akamayenda ndi kutembenuza mutu. Uyenera kulakwitsa kaye kuti udzikonze, monga mwana wophunzira kupalasa njinga. Wogona chete poopa chizungulire amachedwetsa kuchira kwake. Ngakhale mapiritsi oletsa chizungulire ndi othandiza masiku oyamba okha. Kuwamwa nthawi yaitali kumalepheretsa ubongo kuphunzira.

Mfundoyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1940 ku London, madokotala Terence Cawthorne ndi F. S. Cooksey adakonza masewera olimbitsa thupi a anthu a chizungulire chotere, ndipo mpaka lero a mafizo amaphunzitsa masewera ochokera pamenepo. Wodwala amamata chilembo pakhoma n'kumachiyang'anitsitsa uku akutembenuza mutu kumanja ndi kumanzere. Amaimirira ndi kukhala pampando mobwerezabwereza. Amayenda m'khonde uku akuyang'ana mbali ndi mbali, kenako pabwalo, kenako panjira ya mabampu. Masewerawa amadzutsa chizungulire pang'ono, ndipo ndi momwe ayenera kukhalira, bola chizitha pakapita mphindi zochepa. Achitike kangapo patsiku, tsiku lililonse, monga momwe a mafizo alangizira, wina ali pafupi kuti wodwala asagwe.

Apa ndi pomwe chikondi chathu cha pa Malawi chimatha kulakwitsa. Timati: “Gonani, musavutike, tikuchitirani zonse.” Timamubweretsera madzi osamba pakhomo, timamudyetsera pamphasa, timamuletsa ngakhale kutuluka panja. Miyezi itatu ikatha, munthu akudzandirabe, miyendo yafooka, ndipo wayamba kukhulupirira kuti sadzayendanso. Kudzuka m'mawa n'kukachita masewera omwe ukudziwa kuti akupatsa mseru kumafuna mtima weniweni. Kumeneku ndiye kulimba mtima kopindulitsa, ndipo munthu akhoza kukuchita akulira kapena atakwiya, phindu lake n'kukhala lomwelo. Zipatala zikuluzikulu za boma zili ndi nthambi za mafizo, ndipo ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre. Wodwala asatuluke m'chipatala asanaonetsedwe masewera ake, ndipo gadiyani aonerere nawo.

Kulimbikira kuyende limodzi ndi kusamala. Mumdima maso sathandiza, ndiye popita kuchimbudzi usiku pakhale tochi. Kusambira m'nyanja kapena mumtsinje, kuwoloka pa mlatho wa mitengo, kukwera padenga, kupalasa njinga ndi kuyendetsa galimoto zidikire mpaka dokotala avomereze.

Diso lisafe chifukwa cha ulesi

Nkhope ikafooka, aliyense amayang'ana pakamwa popotoka, koma choopsa chili kudiso. Chikope sichitseka bwino, misozi imachepa, ndipo diso limauma. Kwa ena disolo limasiyanso kumva kupweteka, moti kachitsotso kakhoza kulowa munthu osadziwa. Fumbi la m'chilimwe, utsi wa nkhuni kukhitchini ndi mphepo ya pakabaza zikhoza kubweretsa chilonda pagalasi la diso, ndipo munthu yemwe wapulumuka opaleshoni ya muubongo n'kutaya diso chifukwa cha chinthu chopeweka.

Chofunika ndi mankhwala odonthezera m'maso masana monga adokotala anenera, mankhwala opaka usiku, kutseka chikope ndi pulasitala pogona monga anamwino aonetsera, ndi magalasi potuluka panja. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena china chilichonse cha kunyumba chisalowe m'disomo. Diso likafiira, likayamba kuona mwachimbuuzi kapena kutulutsa mafinya, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo imatenga miyezi. Wokhala ndi chiyembekezo amaipitiriza chifukwa amadziwa kuti akusunga diso lomwe adzaligwiritse ntchito zaka zambiri.

Masewera a nkhope achitike modekha, pagalasi, motsatira malangizo. Akatswiri a mafizo amachenjeza kuti kukakamiza nkhope mwamphamvu sikufulumizitsa kanthu, ndipo kukhoza kuwonjezera vuto lomwe limabwera mtsempha ukamaphuka mosokonekera, loti diso limatsinzina lokha munthu akamatafuna kapena kumwetulira. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Pakudya, atafunire mbali yabwino ndi kutsuka m'kamwa akatha, poti chakudya chimatsalira m'tsaya lofookalo. Nkhope ikakanika kubwerera, pali maopaleshoni ena othandiza, monga kuika kachitsulo kagolide m'chikope kuti chizitseka kapena kulumikiza mtsempha wina. Ena mwa maopaleshoniwa ali ndi nthawi yake yoyenera, choncho masiku obwerera kuchipatala asaphonyedwe.

Inu odzipereka a zaumoyo muli ndi ntchito ina pamudzi. Anthu akaona pakamwa papotoka amayamba manong'onong'o a ufiti, ndipo wodwala amadzitsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi. Wodwalayo akalola, fotokozerani anthu kuti ndi mtsempha womwe udavulala pochotsa chotupa. Makolo, ana auzidwe zoona m'mawu osavuta: amayi sadakwiye, nkhope yawo ndiyo ikuchira. Mwana yemwe sadauzidwe kanthu amadzipekera yekha zoopsa kuposa zenizeni.

Khutu latsala limodzi

Womva ndi khutu limodzi amamva mawu koma sadziwa komwe akuchokera. Pamsewu wodzaza minibasi ndi njinga zamoto za kabaza, zimenezi zikhoza kumuphetsa, ndiye aphunzire kuyang'ana mbali zonse kawiri asanawoloke. Pagulu, monga pamaliro, pamsika kapena pamsonkhano, mawu amasakanikirana ndipo amatopa msanga. Anthu amayamba kumunena kuti wayamba kunyada poti sayankha moni. Achibale azikhala mbali ya khutu lakumva, azimuyang'ana polankhula ndi kutsitsa wailesi. Kukuwa sikuthandiza.

Khutu lotsalalo ndi chuma. Alitalikitse ku phokoso la chigayo, zokuzira mawu za paukwati ndi mahedifoni okweza kwambiri. Nthenga ndi timitengo ta machesi zisalowemo. Mankhwala ena, monga gentamicin, streptomycin ndi kwinini, amatha kuwononga kumva, choncho nthawi iliyonse akapita kuchipatala anene kuti ali ndi khutu limodzi lokha kuti adokotala asankhe moyenera. Asasiye yekha mankhwala omwe wapatsidwa. Khutu labwinolo likagontha mwadzidzidzi, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Pali zipangizo zotchedwa CROS zomwe zimatola mawu mbali yogontha n'kuwatumiza kukhutu lakumva. Akatswiri a zamakutu ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe akhoza kulangiza ngati zingathandize. Kulira kwa m'khutu nthawi zambiri kumapitirira ngakhale chotupa chachotsedwa, koma ambiri amakuzolowera, ndipo kawailesi kolira motsitsa usiku kamathandiza kupeza tulo.

Izi sizopirira

Choipa chachikulu cha “limbani mtima” n'chakuti wodwala amatha kumva ngati tikuti “musadandaule chilichonse”. Pali zizindikiro zomwe kupirira kwake ndi imfa. Madzi oyera ngati a pampopi akamatuluka m'mphuno, m'khutu kapena pabala, kapena wodwala akamamva kukoma kwa mchere kukhosi, akhoza kukhala madzi a muubongo omwe akudontha. Si chimfine. Pomwe madzi akutulukira, tizilombo tikhoza kulowerapo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Kutentha thupi, khosi louma, mutu wopweteka mowonjezereka, kudana ndi kuwala, kusinza kosadzutsika bwino, kusokonezeka mutu, kukomoka, kusanza kosalekeza, bala lotupa kapena lotuluka mafinya, kutsamwa pomeza, mwendo umodzi wotupa kapena kubanika mwadzidzidzi: chilichonse mwa izi ndi cha kuchipatala msangamsanga. Kutentha thupi kwa munthu wongochitidwa kumene opaleshoni ya m'mutu tisakuyese malungo n'kungogula mankhwala pagolosale.

Masabata oyamba, nthawi zambiri mpaka asanu ndi limodzi kapena monga adokotala anenera, wodwala asasenze ndowa, asasinje, asalime, asamine mwamphamvu ndipo asadzikakamize kuchimbudzi. Kuyenda ndi kofunika, kunyamula zolemera ndi koletsedwa, ziwirizi tisazisokoneze. Komanso madokotala nthawi zina amasiya dala kachidutswa ka chotupa pofuna kupulumutsa mtsempha wa nkhope, ndiye kujambulidwanso ndi MRI pa nthawi yomwe adanena n'kofunika ngakhale munthu akupeza bwino.

Kukhumudwa ndi matenda, kuli ndi thandizo

Munthu yemwe wataya khutu, nkhope yasintha ndipo ntchito yaima ali ndi chifukwa chomveka cholirira. Mlekeni alire. Mankhwala ochepetsa kutupa muubongo omwe amapatsidwa masiku oyamba nawonso amatha kusokoneza tulo ndi maganizo kwa kanthawi. Koma chisoni chikapitirira masabata awiri tsiku lililonse, munthu osafuna kudya, osagona, osasangalala ndi chilichonse, akudziona ngati mtolo kwa abale ake, amenewo ndi matenda a kukhumudwa. Wotere sachita masewera ake, sadontheza mankhwala m'diso, sabwerera kuchipatala. Kukhumudwa kumawononga kuchira kudzera m'njira imeneyi, ndipo kumuuza kuti alimbe mtima kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti athamange.

Thandizo lilipo, ndipo silifuna dokotala wamkulu nthawi zonse. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi anthu ovutika maganizo, kuwamvetsera ndi kuwathandiza kuthana ndi mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti njirayi imachepetsadi kukhumudwa. Luso lake lalikulu ndi kumvetsera osathamangira kulangiza. Kwathu kuno zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu. Wodwala akatchula zofuna kudzipha, asasiyidwe yekha, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga zoonazi sizimufooketsa?

Ena anena kuti kuuza wodwala kuti khutu silidzamvanso, kapena kuti nkhope itenga chaka, n'kumuphera chiyembekezo. Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo n'zoona kuti kanenedwe kali ndi ntchito. Zoona sizinenedwa ngati chigamulo cha khoti. Koma taganizani za munthu yemwe adalonjezedwa kuti pofika Khirisimasi zonse zidzakhala bwino. Khirisimasi ikafika khutu lili chigonthere, amataya chikhulupiriro mwa dokotala, mwa achibale ndi mwa iye mwini, kenako amayamba kugulitsa mbuzi kufunafuna wolonjeza zozizwitsa. Yemwe adauzidwa zoona amadziwa poika mphamvu zake. Sataya ndalama pa khutu lomwe silingabwerere, koma amalimbikira pa kuyenda komwe kungabwerere, pa diso lomwe lingatetezeke ndi pa ntchito yomwe angaibwererenso. Chiyembekezo chimakhalitsa chikatsamira pa chinthu chotheka.

Njira yosavuta yochidyetsera ndi kope la sukulu. Gadiyani kapena wodzipereka wa zaumoyo azilemba sabata iliyonse: lero wayenda mpaka pati, waima mphindi zingati osagwira khoma, chikope chikutseka mpaka pati, wagona bwanji. Kuchira kwa mitsempha kumachedwa moti wodwala sakuona, ndipo tsiku loipa limamuiwalitsa masiku abwino khumi. Kope limamuonetsa kuti mwezi watha ankalephera kufika pakhomo, lero akufika pachitsime. Limathandizanso adokotala pa tsiku lobwerera kuchipatala. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Choncho popita kukazonda munthu wotere, tisapite ndi mawu awiri okha aja. Tikhale mbali ya khutu lakumva. Timufunse chomwe chikumuvuta kwambiri sabata ino, ndipo tidikire yankho ngakhale litakhala lowawa. Tione ngati mankhwala a m'diso alipo ndi ngati ndalama ya ulendo wa kuchipatala yapezeka. Timulandire gadiyani tsiku limodzi. Kenako timugwire mkono wodwalayo, tiyende naye mpaka pamsewu ndi kubwerera, ndipo mawa wina abwere adzayende naye motalikirapo.